Nsomba ya pa mbedza imayambira kunyumba

Anthu awiri akhoza kukhala pagombe limodzi, mbedza zawo zogula m'sitolo imodzi, wina n'kubwerera ndi ndiwo za masiku awiri pamene mnzake wangopsa ndi dzuwa. Wolepherayo amati mnzakeyo ali ndi mwayi, mwinanso n'kumuganizira kuti ali ndi kachizimba. Kawirikawiri palibe chizimba chilichonse. Wopha nsombayo anadziwiratu nsomba imene akufuna, anakonza nyambo yake dzulo, ndipo malo amene wakhalawo anawayendera kale. Malangizo ano ndi a bambo, mayi kapena wachinyamata amene akufuna kukapumitsa mutu kumadzi Loweruka n'kubwerako ndi kandiwo. Asodzi a makoka ndi matchera ali ndi luso lawo, ndipo sitikuwaphunzitsa ntchito.

Funso loyamba ndi lakuti, mukufuna nsomba yanji? Ambiri amayankha kuti iliyonse, ndipo vuto limayambira pomwepo, chifukwa mbedza ya nsomba iliyonse kulibe. Makumba, chilunguni ndi chambo ndi nsomba za kukamwa kwakung'ono, zimadya ndere, masamba ndi tizilombo ting'onoting'ono, ndipo zimachenjera. Mlamba ndi wadyera, umasaka ndi fungo pogwiritsa ntchito ndevu zake, ndipo umakonda pansi pamatope. Kampango ndi wa m'nyanja ya Malawi, amakhala m'miyala mwakuya ndipo amadya kwambiri usiku. Ncheni zimathamangitsa usipa pamadzi oyera. Wongoyamba kumene ayambe ndi makumba kapena mlamba, popeza zimapezeka pafupifupi paliponse: m'madamu, m'maiwe a m'madambo, mu Shire, ku Malombe, ku Chiuta ndi ku Chilwa, kumene makumba, mlamba ndi matemba ndizo nsomba zodalirika.

Zida zisakudetseni nkhawa. Ndodo yokhala ndi chopota twaini ndi yabwino kwa amene angakwanitse kugula, komabe nsomba zambiri zimene zadyedwa m'midzi mwathu zinabwera ndi nsungwi. Dulani nsungwi yokhwima, yowonda kunsonga, yotalika mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono. Iumireni pamthunzi mutaipachika chozondotsa, mwala utamangidwa kumunsi, kuti iume mowongoka. Pamene yapindika, iotcheni pang'ono pamoto wamakala n'kuiwongola ikadali yotentha. Pomanga twaini musangomanga kunsonga kokha. Yambani kumanga pakati pa nsungwiyo, muizunguze mpaka kunsonga n'kumanganso kumeneko, kuti nsonga ikathyoka ndi mlamba waukulu nsombayo isapite ndi chingwe chanu.

Pa mbedza m'pamene ambiri amalakwitsa. Amagula yaikulu poganiza kuti ikopa nsomba yaikulu, kenaka n'kumadabwa nyambo ikungotha koma osakola kanthu. Mbedza yaing'ono imatha kugwira nsomba yaikulu, pamene yaikulu siingalowe m'kamwa mwa makumba. Ya makumba ndi chambo isapose chikhadabo cha chala chanu chaching'ono. Ya mlamba ndi kampango ikhale yokulirapo ndi yochindikala. Kuthwa kwake muyesere pachikhadabo: ikamatsetsereka osakanda, inoleni pamwala wosalala kapena itayeni. Twaini nayonso ikhale yopyapyala pa nsomba zochenjera, makamaka m'madzi oyera, ndipo yokhuthala isungireni mlamba.

Mfundo yomangira mbedza iphunzireni kunyumba, musakaivutikire kugombe nsomba zikudumpha. Lowetsani twaini pabowo la mbedza, zunguzani nsonga yake kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa twaini yaikuluyo, ibwezeni pakampata kamene katsala pafupi ndi bowolo, kenaka muilowetsenso m'kamphako kamene kapangika. Nyowetsani ndi malovu musanakoke, chifukwa nayiloni youma imapsa ikamakhuzana ndipo imadzaduka pomwepo. Choyandama dulani ku patapata wakutha kapena ku phesi la mapira, chikhale chaching'ono kuti nsomba isamve kulemera poikoka. Cholemetsa chikhale kamtovu, ndipo ngati palibe, kanati kakale ka njinga kamagwira ntchito yomweyo. Chimangeni pamwamba pa mbedza motalikirana ngati kutalika kwa dzanja lanu.

Nyambo ikonzeni dzulo lake. Nyongolotsi ndiyo nyambo imene nsomba zambiri sizikana, ndipo mupeza zonenepa kuseri kwa bafa, pamene mumatayira madzi otsukira mbale, m'munsi mwa nthochi ndi m'mbali mwa khola. Zisungeni m'chitini choboola ndi dothi lonyowa la pomwe mwazikumbapo, pamthunzi. Pobaya musaiphe yonse. Iloweni kumutu, ibise mbedza, mchira utsale ukugwedera. Nsima ndi nyambo yabwino ya makumba ndi chambo, kungoti imasungunuka msanga. Ikandeni yotsala dzulo mpaka ilimbe, musakanize gaga pang'ono ndi tiulusi ta thonje, ndipo idzakhala pambedza nthawi yaitali. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimaposa nyambo ina iliyonse, popeza nsomba zimakhala zikuzidya kale zikamagwera m'madzi. Ziwala zimakopa chilunguni. Mlamba upatseni chonunkha: matumbo a nkhuku, kachidutswa ka chiwindi, kapena usipa wogona. Kampango ndi ncheni zimafuna usipa wauwisi. Ndipo musagwire nyambo ndi manja a mafuta odzola, a parafini kapena a sopo wonunkhira. Sambani m'manja ndi matope a pagombepo.

Tsopano nkhani yaikulu, malo. Madzi ambiri amene mumaona mulibe nsomba. Nsomba zimasonkhana pamene pali chakudya, pobisala ndi madzi ozizirira bwino, ndipo malo oterewa ndi ochepa. Ngati mungathe, pitani tsiku lina opanda mbedza, mukangoyenda m'mbali mwa madziwo m'mawa n'kumayang'ana.

Mumtsinje, yang'anani pokhota. Mbali yakunja ya pokhotapo madzi amakumba, ndiye pamakhala pakuya, ndipo mlamba umakonda pamenepo. Kumunsi kwa mathithi kapena kwa miyala, pamene madzi othamanga akumana ndi odekha n'kumazungulira, chakudya chimaunjikana ndipo nsomba zimadikirira pomwepo. Pansi pa mkuyu woweramira m'madzi pamagwa nkhuyu ndi mbozi, ndiponso pali mthunzi. Mtengo wogwera m'madzi umadya mbedza zambiri, komabe m'mbali mwake ndi mosungira nsomba. M'damu, funani kumene madzi amalowera ndi m'mphepete mwa bango kapena udzu wa m'madzi. Ponyani m'mbali mwa bangolo, chifukwa pakati penipeni pa damu, pamene ongoyamba amalimbikira kufikapo, nthawi zambiri m'popanda kanthu. Kunyanja, malo abwino ndi pamene mchenga wathera n'kuyamba miyala, pamene pansi patsika mwadzidzidzi, ndi pamathiriro a mitsinje.

Mbalame zikuthandizeninso. Pamene mphipi zikumira mobwerezabwereza pali tinsomba, ndipo pali tinsomba sipalephera zazikulu. Timathovu totuluka motsatizana pamadzi odekha kawirikawiri ndi nsomba ikufukula matope. Mlamba umadziulula wokha, chifukwa umabwera pamwamba kudzapuma mpweya n'kusiya kabwalo pamadzi. Koma mukaona maenje ozungulira bwino pamchenga wosaya, amenewo ndi malo oswanirana nsomba za mtundu wa chambo. Apatukeni. Nsomba zimenezi zimalera mazira ndi ana m'kamwa, ndiye kupha mayi mmodzi n'kupha ana onse amene wanyamula.

Mukapeza malo, adyetseni. Ili ndilo luso limene limasiyanitsa kwambiri owedza, ndipo mtengo wake ndi gaga basi. Nyowetsani gaga kapena masese, musakanize ndi dothi kuti zilemere, muumbe timibulu tokwana m'manja n'kuponya tiwiri kapena titatu pamalo amodzi. Mukachita zimenezi madzulo angapo motsatizana, nsomba zimazolowera kuti pamenepo pamagwa chakudya. Patsiku lowedza ponyani kambulu kamodzi mukangofika, kenaka pang'onopang'ono. Musathire chidebe chonse. Nsomba yokhuta siyang'ananso mbedza.

Musanaike nyambo, yesani kuya kwa madzi. Mangani cholemetsa chokulirapo kumbedza n'kuponya. Choyandama chikamira, chikwezeni. Chikagona chammbali, chitsitseni, mpaka chiime bwino. Pamenepo mwadziwa pansi. Nyambo ya mlamba igone pansi penipeni. Ya makumba ilendewere pamwamba pang'ono pa matope. Pakatha mphindi 20 popanda chogwedeza, sinthani kuya musanasinthe malo, popeza nthawi zina nsomba zili pomwepo koma nyambo yanu ili pamwamba pa mitu yawo.

Nthawi yabwino ndi mbandakucha mpaka dzuwa litakwera pang'ono, ndiponso madzulo dzuwa likapendeka. Masana a mu Okutobala nsomba zimathawira kwakuya ndi kumithunzi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zinthu zimatembenuka: nsomba zimachita ulesi m'mawa, ndipo zimayamba kudya madzi akafunda, chakumasana. Madzi akayamba kufiira ndi mvula yoyamba, mlamba umakwera m'makhwawa ndi m'madambo osefukira, ndipo imeneyo ndi nyengo yake.

Pagombe khalani pansi, musaime m'mphepete mwenimweni mutavala malaya oyera. Chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi amene mukuwedzapo. Kuyankhula chapansipansi sikuthawitsa nsomba kwenikweni, chimene chimazithawitsa ndi mgugu wa mapazi, kugwetsa chitini, kapena kugogoda bwato ndi nkhafi, chifukwa kunjenjemera kumayenda msanga m'madzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wowedza amene amatulutsa mbedza mphindi iliyonse kuti aone ngati nyambo ilipo amadzithamangitsira yekha ndiwo.

Kadyedwe ka nsomba kamasiyana. Makumba amajompha, choyandama n'kumavina pang'onopang'ono. Musakoke pamenepo. Dikirani chiyambe kuyenda chammbali kapena chimire, ndiye tukulani ndodo ndi dzanja lokha, mwachangu koma mosapitirira. Kutsomphola ndi mphamvu zonse kumang'amba mlomo wa nsomba, mwinanso mbedza n'kukakola mnzanu kumbuyo. Mlamba umatenga nyambo n'kunyamuka nayo. Upatseni kanthawi kuti umeze, kenaka kokani molimba. Nsomba yaikulu ikakola, ndodo ikhale choimirira ndipo twaini isakhwepe, nsungwi ipindike igwire ntchito yake mpaka nsombayo itope. Musainyamule m'mwamba ndi ndodo. Ikokereni pamchenga kapena pamalo osaya. Mlamba ndi kampango zili ndi minga yolimba m'zipsepse za m'mbali mwa mutu, ndipo bala la mingayo limapweteka masiku. Zigwireni kumbuyo kwa mingayo ndi chiguduli, muzimenye pamutu ndi kamtengo zife msanga, kenaka muchotse mbedza.

Tinsomba tating'ono tibwezereni m'madzi, mutanyowetsa manja musanatigwire. Ena amaseka zimenezi, ati nsomba ndi nsomba. Koma chambo chimene makolo athu ankachiona ngati chosatha chinaikidwa mu 2018 pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu, ndipo aliyense wogula pamsika waona yekha mmene chacheperamo ndi kukwera mtengo. Kachambo kotalika ngati chala sikakhutitsa ngakhale mwana.

Za chitetezo ndinena mosabisa, chifukwa kumadzi kulibe kuyesa kawiri. Mu Shire, m'madambo a ku Chikwawa ndi Nsanje, m'mathiriro a mitsinje yolowa m'nyanja, ndiponso m'madamu ena, muli ng'ona. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Kumene ziliko, luso lija lodyetsa malo amodzi madzulo aliwonse lisiyeni, ndipo musamafike pamalo omwewo nthawi yomweyo tsiku ndi tsiku. Khalani mamita angapo kuchoka m'madzi, pamtunda wokwera, musalowe kukamasula mbedza yokodwa, musatumbulire nsomba m'mphepete, ndipo nsomba zimene mwapha musazimangirire m'madzi pafupi ndi mapazi anu. Mvuu zimatuluka usiku kukadya n'kubwerera mbandakucha, nthawi yomwe inu mukufika. Mukaona njira yake, musakhale pakati pa iyo ndi madzi. Funsani eni dera musanakhale pansi. Amayi otunga madzi ndi anyamata oweta ng'ombe amadziwa dziwe lililonse.

Likodzo silichititsa mantha ngati ng'ona koma limagwira anthu ambiri kuposa ng'ona. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha a bango ndi udzu, ndipo timalowa pakhungu. Wedzani muli pamtunda, kapena valani majombo. Mukaona magazi mumkodzo, kapena mwakhala mukulowa m'madzi oterewa, pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo. Mbedza ikakulowani mpaka kubisa ndevu yake, musaizule mokakamiza. Dulani twaini, mangani pabalapo, akaichotse achipatala ndipo muwafunse za katemera wa kafumbata. Mabingu akayamba, ikani ndodo pansi muchoke pamadzi. Panyanja ya Malawi, mwera umene umawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umautsa mafunde mosachenjeza, ndiye musakwere bwato popanda mwini wake wodziwa nyanja, ndipo mowa usiyeni kunyumba. Ana ndi bwino kuwatenga, amaphunzira msanga kuposa akulu, koma mwana aliyense akhale ndi wamkulu womuyang'anira, ndipo wamkuluyo aiwale zoti aphapo zake zambiri tsiku limenelo.

Madzi ali ndi eni ake. Damu la pa esiteti, la bungwe la madzi kapena dziwe loweteramo nsomba la mnzanu simuponyamo mbedza musanapemphe. M'magombe ambiri muli makomiti a m'mudzi oyang'anira usodzi, ndipo mlendo wanzeru amayamba waonekera kwa iwo kapena kwa amfumu. Lamulo la usodzi la 1997 ndilo limayendetsa nkhani za ziphaso ndi nyengo zotseka, ndipo ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu ikuuzani zimene zikukhudza mbedza kudera lanulo. Panyanja ya Malawi nyengo yoteteza chambo choswana imayamba pa 1 Novembala. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, anthu a kwa Mfumu Makanjira akhala akutseka okha usodzi m'nyengo yamvula kwa zaka zambiri, ndipo wophwanya amachotsedwa pachilumbapo. M'malo otetezedwa monga Liwonde simuwedza mwachisawawa. Ku Cape Maclear, paki ya Lake Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980 imateteza madzi ofika mamita 100 kuchoka kumtunda wa pakiyo ndi zilumba zake, kumene kumakhala mbuna. Katupe ndi neti ya udzudzu sindiziwerengera n'komwe m'gulu la kuwedza. Zimapulula dziwe lonse ndi mazira omwe, ndipo n'zoletsedwa.

Palinso matenda a zilonda za nsomba amene anabuka ku Mchinji mu 2020. Mukapha nsomba ya zilonda zofiira zonyeka, musaidye, musaibwezere m'madzi, ikwirireni ndipo mudziwitse alangizi. Zida zimene mwagwiritsa ntchito m'madzi amodzi muziumitse padzuwa musanapite nazo kwina, ndipo nsomba zamoyo musazisamutse kuchoka mumtsinje wina kukathira m'damu lina.

Amene mwazolowera makumba ndi mlamba n'kufuna zina, dziko lino lili nazo. Mpasa, nsomba yamphamvu imene imachoka m'nyanja kukwera mitsinje monga Bua kukaswana, imagwidwa ndi kachitsulo konyezimira kokokedwa m'madzi othamanga. Yachepa kwambiri, ndipo m'nkhalango ya Nkhotakota muyenera chilolezo cha oyang'anira. Kumunsi kwa mathithi a Kapichira kuli tiger fish yochokera ku Zambezi, imene mathithiwo amaitchinga kuti isakwere kumtunda. Mano ake amadula nayiloni, ndiye pakati pa mbedza ndi twaini pamafunika kawaya. M'madzi ozizira a pa Zomba, Mulanje ndi ku Chelinda pa Nyika muli trout imene inabwera ndi azungu, yowedzedwa ndi mbedza yovekedwa nthenga kuti ioneke ngati kachilombo, ndipo kumenekonso mumayamba mwafunsa za chilolezo. Ncheni za kunyanja sizifuna zambiri: sipuni yakale ya tiyi yodula chogwirira, yoboola mbali zonse ziwiri, mbedza kumapeto, n'kumaikoka kumbuyo kwa bwato.

Nsomba ikafa imayamba kuonongeka nthawi yomweyo, makamaka kunja kukatentha. Ikani zimene mwapha m'thumba la chiguduli lonyowa pamthunzi, musaziike m'jumbo, mmene zimafundirana n'kufewa. Ngati kunyumba n'kutali, zitumbuleni muli pamtunda kutali ndi madzi, muchotse matumbo ndi zofiira za m'mutu zimene nsomba imapumira, chifukwa kuola kumayambira mmenemo. Samalani ndulu isaphulike, ikaphulika mnofu wonse umawawa. Mlamba upakeni phulusa kapena muuthire madzi otentha kuti nterere zichoke musanaudule. Zimene simudya tsiku lomwelo zing'ambeni chamsana, muthire mchere, muziwambe pawaya ndi moto wa utsi wopanda malawi, n'kumazitembenuza mpaka ziume.

Mukafika kunyumba tsukani twaini ndi madzi abwino, muone ngati yakhuzika pamiyala, ndipo mbali yokhuzikayo muidule. Nayiloni imafooka ikakhalitsa padzuwa, ndiye isungeni m'nyumba. Mbedza zipukuteni ziume, muzibaye pachitsononkho n'kuchiika m'chitini chotseka pamwamba pamene ana ndi nkhuku sangafikire. Nyongolotsi zotsala zibwezereni kumene munazikumba.